Mafizo ndi kuvina kwa odwala matumbo ndi minofu ya pansi pa chiuno kuno ku Joni

Munthu amene wadwala m'mimba kwa miyezi kapena zaka amafika poti tsiku lake lonse limayendera chimbudzi. Asanakwere takisi pa Bree kapena pa Noord amayamba wadzifunsa kuti chikamuthina ali pakati pa mdipiti wa magalimoto pa M1 atani. Mnzake vuto lake ndi lina: amatha theka la ola ali pachimbudzi akuchima, chotuluka n'chochepa, ndipo podzuka amamva kuti china chatsalira. Onsewa akapita kuchipatala amalandira mankhwala a matumbo, ndipo n'zoyenera, koma si kawirikawiri kuti wina awafotokozere za minofu imene imatseka ndi kutsegula njira ya chimbudzi. Minofu imeneyi imaphunzitsika, ndipo iyenera kudziwa ntchito ziwiri, kugwira ndi kumasula. Ambiri amangouzidwa zofinya basi, n'chifukwa chake ena akayamba mafizo ululu umangowonjezeka.

Yambani mwadziwa chimene chikukudwalitsani

Mafizo ndi kuvina sizipoletsa zilonda za m'matumbo. Matenda a Crohn's ndi a ulcerative colitis amabwera chitetezo cha m'thupi chikamatupitsa matumbo a mwini wake mpaka kuchita zilonda. A Crohn's angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi, pamene ulcerative colitis imagwira thumbo lalikulu lokha, kuyambira kumapeto kwake kumakwera. Amenewa amafuna mankhwala a dokotala osadumphitsa. Palinso IBS, imene m'mimba mumapotokola, kufufuma, kutsegula kapena kumanga, koma akaunika matumbo sapezamo chilonda.

Ife ochokera kumudzi tili ndi china choti tisamale nacho. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's, ndipo mankhwala ambiri a Crohn's amatsitsa chitetezo, choncho wa TB akapatsidwa amenewo amadwalika. Kutsegula m'mimba kosatha kumabweranso ndi HIV, tizilombo ta amoeba, ndi likodzo la m'matumbo kwa amene anakulira kunyanja kapena m'madambo a mpunga. Muwauze adokotala komwe munakulira ndi madzi amene munkasamba, chifukwa dokotala wa ku Parktown sangayambe waganizira za likodzo inu musananene.

Musayambe mafizo panokha ngati mukuona magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii, kuwonda kosadziwika bwino, kutentha thupi, kudzutsidwa ndi m'mimba usiku, mafinya kapena chotupa chowawa pafupi ndi kotulukira, kapena ngati kachitidwe ka chimbudzi kasintha muli ndi zaka 50 kupita m'tsogolo. Zimenezi ndi za kukiliniki sabata yomweyo. Mimba yofufuma gwa, kusanza, mpweya osatuluka, kapena dzanzi pakati pa miyendo limodzi ndi msana wowawa ndi kulephera mwadzidzidzi kugwira mkodzo kapena chimbudzi, ndi za ambulansi: 112 pa foni ya m'manja kapena 10177.

Njira ya boma imayambira kukiliniki ya kwanuko, kumene amakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto, Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Helen Joseph. Adokotala akatha kukuonani, pemphani kuti akutumizeninso kwa a mafizo, ndipo mutchule mawu oti pelvic floor physiotherapy, chifukwa si wa mafizo aliyense amene anaphunzira mbali imeneyi. Kwa oyima paokha mukhoza kupita popanda kalata, bola akhale olembetsedwa ku HPCSA, bungwe limene limalembetsa ogwira ntchito zachipatala kuno. Tsiku loyamba amafunsa zambiri, kenaka amapempha kuyeza minofu ndi chala chovala gulovu kudzera kotulukira chimbudzi kapena njira ya amayi. Muli ndi ufulu wokana, wopempha wamkazi kapena wamwamuna, ndi wolowa ndi munthu wina. Koma mukalola, kuyeza kumeneku ndi kumene kumasonyeza bwino ngati minofu yanu ndi yofooka kapena yomangika.

Mmene minofuyi imagwirira ntchito

Pansi pa mafupa a chiuno pali minofu yoyalidwa kuchokera pa fupa la pachinena kukafika pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Imanyamula chikhodzodzo, kumapeto kwa thumbo, ndi chiberekero kwa amayi. Abambo nawonso ali nayo, ngakhale ambiri amayesa kuti ndi nkhani ya kusikelo. Kotulukira chimbudzi kuli mphete ziwiri za minofu: yam'kati imadzitsekera yokha usana ndi usiku ndipo simungailamule, yakunja ndi ija mumafinya mukamaletsa mpweya pagulu. Pamwamba pa mphetezi pali mnofu wotchedwa puborectalis, umene umakola thumbo kumbuyo n'kulikokera kutsogolo mpaka kulipinda. Ogwira ntchito m'magadeni akudziwa kuti paipi yothirira ikapindika madzi sadutsa ngakhale mutsegule mpopi wonse. Thumbo nalonso ndi choncho: mnofuwu ukapanda kumasuka, kuchima konse kumangothera pa khoma lotseka, ndipo mapeto ake ndi mudzi, ming'alu yowawa ndi kutsika kwa ziwalo.

Amene watsegula m'mimba zaka zambiri amakhala atafinya tsiku lonse poopa kudziyipitsira, osazindikira n'komwe. Mnofu wosapuma umatopa ndi kufupika, choncho ikafika nthawi yogwira ulibe mphamvu, ndipo ikafika nthawi yomasula sudziwa kumasula. Kumapeto kwa thumbo nako kukatupa kawirikawiri kumauma, sikutambasuka, ndiye kanthu kochepa kamveka ngati katundu wambiri. Kung'ambika pobereka, opareshoni ya fistula kapena ya prostate, chifuwa cha nthawi yaitali ndi kunyamula simenti tsiku ndi tsiku zimafooketsanso minofuyi.

Wofooka minofu amadontha mkodzo akatsokomola, kuseka kapena kudumpha, mpweya umamupulumuka, amapeza zodetsa pa kabudula wam'kati, ndipo amayi amamva kulemera kunsi makamaka madzulo. Womangika amamva kuwawa kunsi kapena ku kafupa ka kumsana akakhala pansi nthawi yaitali, mkodzo umachedwa kuyamba, chimbudzi chimavuta ngakhale chili chofewa, ndipo kukhala malo amodzi m'banja kumawawa. Ena ali nazo zonse ziwiri. Kuti mudziyeze, gonani chagada mawondo opinda, ikani chala pa khungu la pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, n'kufinya ngati mukuletsa mpweya. Khungu liyenera kuthawa chala kulowa m'kati, ndipo mukasiya libwerere. Likatukumukira kunja ndiye kuti mukukankha m'malo mofinya. Likapanda kuyenda, kapena simukumva kubwerera kwake, yambani ndi kumasula kokha ndipo kufinya muyembekeze a mafizo akuyezeni.

Kumasula kumayambira pa kupuma

Minofu ya pansiyi imayendera limodzi ndi mnofu waukulu wopumira wa pansi pa mapapo. Mukakoka mpweya yonse imatsika, mukatulutsa imakwera. Gonani chagada, pilo pansi pa mawondo, dzanja limodzi pachifuwa lina pa mchombo. Kokani mpweya ndi mphuno masekondi 4, mimba ndi nthiti za m'munsi zitambasuke, dzanja la pachifuwa lisayende kwenikweni, ndipo lolani kuti kunsi kufewe. Tulutsani ndi pakamwa masekondi 6 mosakakamiza. Chitani mphindi 5 m'mawa ndi mphindi 5 musanagone. Cholakwika chofala ndi kutukumula mimba ndi mphamvu, kumene ndi kukankha kale. Mukamva chizungulire mukupuma mothamanga. Nsagwada zikalumana, kunsi nakonso nthawi zambiri kumakhala kutafinya, choncho lekanitsani mano.

Mukatero onjezani kudziwongola kuwiri. Gwadani, khalirani zidendene, tanyulani mawondo, chipumi chifike pansi kapena papilo, mupume motero mphindi 2. Kenaka gonani chagada n'kukokera mawondo onse kumapewa, motanyula, mphindi imodzi. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo pa chinena kwa mphindi 15 limathandiza masiku amene kunsi kwagwira.

Kukhala pachimbudzi

Zimbudzi zokumba za kumudzi zili ndi ubwino umodzi umene za m'mafulati a ku Hillbrow ndi Yeoville zilibe: munthu akanyonyomala thumbo lija limawongoka. Pa chimbudzi chokhalira ikani chopondera cha masentimita 15 mpaka 20, kaya kampando, njerwa kapena zitini za penti, kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Weramirani kutsogolo, zigongono pa mawondo, msana wowongoka, zidendene zitaponda. Pumani katatu mmene tafotokozera. Kenaka lolani mimba igwere kutsogolo, m'mbali mwa chiuno mutambasuke, ndipo tulutsani mpweya pang'onopang'ono ndi kaphokoso ka "sss". Kaphokosoka kamakuletsani kutseka kukhosi. Mukabanika mpweya nkhope n'kutupa, mphete ija imatsekeka m'malo motseguka. Pakatha mphindi 5 popanda kanthu, dzukani, mukayesanso nthawi ina. Foni isiyeni kunja, pakuti ndi imene imasandutsa mphindi 5 kukhala 25, mitsempha ya kunsi ikutupa.

Matumbo amayenda kwambiri pakatha mphindi 20 mpaka 30 munthu atadya m'mawa. Amene amanyamuka 5 koloko kukagwira takisi, n'kukadya atafika kuntchito, amaphonya mpata umenewu, kapena umawapeza ali panjira. Dzukani theka la ola msanga, idyani phala ndi chakumwa chofunda, mukhale pachimbudzi musanatuluke. Pamalo pamene chimbudzi n'chimodzi anthu a m'zipinda za kuseri ali khumi, kudzuka msangako kumakupatsaninso mpata wosagogoderedwa, chifukwa munthu wofulumizitsidwa amachima. Chimbudzi chimene mukufuna ndi chofewa choumbika, chimene pa tchati cha Bristol cha kuchipatala ndi nambala 3 kapena 4. Cholimba ngati timiyala palibe mnofu umene ungachitulutse bwino, ndipo chamadzi ngakhale mnofu wamphamvu umavutika kuchigwira. Wopita kawirikawiri adzitsuke ndi madzi m'malo mokhula ndi pepala, aume modinda, apake mafuta a zinc. Sungani chigubu cha malita 5 pambali, poti madzi kuno amatha osatsanzika.

Odzimbidwa angathe kusisita mimba mphindi 10 atagona chagada, motsata njira ya thumbo: kuyambira kumanja m'munsi, kukwera mpaka pansi pa nthiti, kudutsa kupita kumanzere, n'kutsika. Musachite zimenezi matenda akabuka, muli oyembekezera, muli ndi hernia (chotupa chimene chimabwera matumbo akatulukira pa malo ofooka a minofu ya pamimba), kapena opareshoni isanapole.

Kufinya, kwa amene akufunika kutero

Yambani mutagona chammbali kapena chagada. Finyani kumbuyo ngati mukuletsa mpweya, pitirizani kutsogolo ngati mukuletsa mkodzo, n'kukokera zonse m'kati ndi m'mwamba. Abambo amaona chida chikubwerera pang'ono m'kati ndi machende akukwera. Matako, ntchafu ndi mapewa zikhale zomasuka, ndipo muziwerenga mokweza kuti musabanike. Gwirani masekondi amene mungathe popanda kunjenjemera, ngakhale atakhala 3 okha, kenaka masulani kotheratu masekondi 6. Bwerezani ka 8 mpaka ka 10, mutsirize ndi kufinya kofulumira ka 10, kugwira n'kusiya. Chitani katatu patsiku. Sabata iliyonse onjezani sekondi imodzi mpaka mufike 10, ndipo musamuke kuchoka pogona, kupita pokhala, mpaka poyimirira, chifukwa ngozi siichitikira pabedi. Mnofu umafuna miyezi 3 yosadukiza kuti ukule, ndiye amene amasiya sabata yachitatu ati sizikugwira amakhala atasiya zisanayambe.

Musamayeserere poimitsa mkodzo uli m'kati motuluka, chifukwa zimasokoneza chikhodzodzo ndipo mkodzo umatsalira. Musachulukitse mpaka mazana patsiku poganiza kuti muchira msanga, mnofu wotopa umadonthetsa kuposa kale. Ndipo zolowerani kufinya musanatsokomole, musanayetsemule, musananyamule ndowa, mwana kapena thumba la simenti, n'kutulutsa mpweya pamene mukunyamula.

Kuthinidwa mwadzidzidzi kuli ndi maphunziro akeake. Chikakugwirani musathamange, chifukwa kuthamanga kumagwedeza matumbo ndipo mantha amawafulumizitsa. Imani njo kapena khalani pansi, finyani ndi theka la mphamvu, lomwe mungalisunge masekondi 20 mpaka 30, muzipuma pang'onopang'ono. Nthawi zambiri kuthinako kumatsika, ndipo mumayenda bwinobwino. Kunyumba yeserani motere: mukathinidwa khalani pachimbudzi penipeni, koma mugwire mphindi imodzi musanamasule. Zikatheka masiku angapo onjezani mpaka mphindi 5, kenaka 10. Mukafika pamenepo dikirani muli chiimire pakhomo pa chimbudzi, kenaka m'chipinda china. Izi si za masiku amene matenda abuka, ndipo si za odzimbidwa, amene ayenera kupita chikangowaitana.

Kuvina

Mafizo a pamphasa amaphunzitsa mnofu uli phee, pamene moyo umafuna kuti ugwire ntchito munthu akuyenda, akutembenuka, akutsika m'takisi. Apa ndi pamene gule amalowa. Povina thupi limasamuka kuchoka mwendo uno kupita winawo, chiuno chimazungulira, ndipo minofu ya pansi imatambasuka ndi kugwira mosinthana mogwirizana ndi ya m'mimba, ya m'matako ndi ya msana. Kuyimba uku mukuvina kuli ndi phindu lina loti simungabanike mpweya nyimbo ili pakamwa. Kugwedezeka kumathandiza mpweya ndi chimbudzi kuyenda, kuponda pansi kumalimbitsa mafupa amene mankhwala ochepetsa kutupa a prednisone amawafooketsa, ndipo nkhawa, imene imautsa m'mimba mwa ambiri, imatsika. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewero a mphamvu yapakatikati, zomwe ndi mphindi 30 masiku 5.

Dikirani ola limodzi ndi theka kapena awiri mutadya nsima, yambani mwapita kuchimbudzi, ndipo valani padi ngati zimenezo zikupatsani mtima. Mphindi 5 zoyamba pondani pamalo amodzi monga amachitira a kwaya, kumanja kumanzere, mapazi osachoka pansi kwenikweni. Mphindi 5 zotsatira ndi za chiuno chokha. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, mawondo opinda pang'ono, manja pa mafupa a chiuno. Pendeketsani chiuno kutsogolo ndi kumbuyo ka 10: matako akamapita kumbuyo kokani mpweya kunsi kumasuke, akamabwerera tulutsani mpweya n'kukweza pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mphamvu zanu. Kenaka kumanja ndi kumanzere ka 10, kuzunguliza ka 8 mbali iliyonse, n'kumaliza ndi kulemba nambala 8 ndi chiuno. Womangika minofu asakweze chilichonse, azingozunguliza mofatsa ndi kupuma. Tsopano vinani mphindi 15, ndipo mphindi 5 zomaliza ndi za kugwada kuja ndi kupuma. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amalidumpha, n'kudabwa usiku kunsi kukuwawa.

Magule sali ofanana pa ntchito imeneyi. Chimtali ndi chioda n'zoyenera kuyambira, chifukwa mapazi amakhala pafupi ndi nthaka ndipo ntchito yaikulu ili m'chiuno. Abambo angayambe ndi masitepe odekha a malipenga kapena mganda, koma asathawe zozunguliza chiuno zija poti ndi zachizimayi, pakuti okhala pa chiwongolero kapena oyima pageti maola 12 ndi amene chiuno chawo chimauma kwambiri. Manganje ndi abwino mukachepetsa liwiro ndi nthawi. Amapiano, amene amamveka paliponse kuno, liwiro lake ndi lapakatikati, kungoti siyani kaye kutsika mpaka pansi n'kudzambatuka. Ingoma, ndi kudinda pansi kwake kwamphamvu, pantsula ndi gule aliyense wodumpha ndi za m'tsogolo, chifukwa phazi likamenya nthaka katundu yense wa m'mimba amatsikira pa minofu imene mukuiphunzitsayo. Pakatha masabata 12 dziyeseni: tsokomolani ka 10, thamangani pamalo amodzi mphindi imodzi, dumphani pang'ono ka 10. Ngati palibe kudontha, kulemera kapena kuwawa tsiku limenelo ndi mawa lake, lowetsani kudumpha mphindi 2 zokha, n'kumawonjezera.

Chitenje cha m'chiuno chimangidwe pa mafupa, osati pa mchombo. Chikathina pamimba mpweya umasowa kopita ndipo mphamvu yonse imakankhira pansi. Malamba othina aja ogulitsidwa m'tauni oti amachepetsa mimba ali ndi vuto lomweli, ndipo kwa munthu wa matenda awa tikuti asiyeni. Musavine mutameza mimba kapena mutafinya nyimbo yonse. Mnofu uzigwira pa sitepe yamphamvu n'kumasuka pa yofewa. Mawondo akawongoka gwa, chiuno sichiyenda ndipo msana ndi umene umalipira. Pa simenti kapena matailosi valani nsapato za mphira wofewa.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, choncho wobwera kumene kuchokera ku Nsanje kapena ku Mangochi amachita wefuwefu msanga, makamaka ngati magazi ndi ochepa, zomwe n'zofala kwa odwala matumbo. Muyezo wake ndi woti muzitha kulankhula chiganizo chonse mukuvina. Zikakanika, chepetsani. Amene wadwala nthawi yaitali ayambe ndi mphindi 10, aziwonjezera mphindi 5 pa sabata. Chizungulire, mtima kugunda kwambiri pa kantchito kochepa ndi zikhatho zoyera ndi chifukwa chokapimitsa magazi, osati cholimbikira. Mu June ndi July mpweya umauma kwambiri ndipo ludzu silimveka chifukwa cha kuzizira, koma madzi amafunikabe, malita 1.5 mpaka 2 patsiku pokhapokha adokotala atakuletsani. Tsiku lotsegula m'mimba sakanizani supuni zazing'ono 8 za shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, monga amalangizira m'makiliniki a kuno.

Matenda akabuka, gule wa chiimire amaima. Kupita kuchimbudzi ka 6 kapena kuposa patsiku ndi magazi, thupi likutentha kapena mtima ukuthamanga, ndi kwa kuchipatala tsiku lomwelo. Kukakhala kocheperapo pitirizani kupuma kuja, yendani mphindi 10, kapena vinani mutakhala pampando, mapewa ndi chiuno zokha. Zikadekha bwererani ndi theka la nthawi imene munasiyira. Mfundo za mawondo ndi akakolo zikatupa, zomwe zimachitika ndi Crohn's ndi colitis, auzeni adokotala musanapitirize.

Amene ali ndi thumba la stoma (kabowo kamene madokotala amaboola pamimba kuti chimbudzi chizitulukira m'thumba) amavina bwinobwino bala likapola ndipo adokotala a opareshoni avomereza. Khuthulani thumba musanayambe, valani lamba wochirikiza amene anamwino a stoma akuyezani, ndipo pewani kunyamula zolemera miyezi yoyambirira chifukwa malo a stoma ndi osavuta kuchita hernia. Mayi amene wangobereka ayambe kufinya mofewa masiku oyamba, koma zodumpha adikire miyezi 3. Amene anang'ambika mpaka ku mnofu wa kumbuyo apemphe kuonedwa ndi a mafizo ngakhale asakumva vuto, chifukwa kufooka kwake kumatha kudzaonekera patapita zaka. Mukafuna kuvina pagulu, kaya ndi amayi a mvano mu holo ya tchalitchi ku Rosettenville kapena m'galaja ku Cosmo City, yambani mwaona ngati chimbudzi chili pafupi ndipo chikugwira ntchito, n'kugwirizana kuti wotuluka nyimbo ili m'kati safunsidwa kumene akupita.

Zimene zimabweza ntchito m'mbuyo

Mankhwala a ululu ogula pa spaza ndi oyamba. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin (aspirin ali mu ufa wa mutu wa Grand-Pa) angautse Crohn's ndi colitis ndi kuchititsa magazi m'mimba. Thupi likawawa mutavina, paracetamol ndi amene madokotala amalola kawirikawiri. Mapilitsi okhala ndi codeine ndi owonjezera magazi a iron amadzimbitsa. Loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, amathandiza ena ogwidwa mwadzidzidzi, koma ndi woopsa pamene muli magazi ndi kutentha thupi, choncho yambani mwafunsa. Mankhwala otsuka m'mimba ogulitsidwa m'mabotolo m'misewu ndi kudzipopa madzi kunsi kawirikawiri zimapweteka thumbo limene ndi lodwala kale. Fodya amakulitsa Crohn's.

Pa zakudya palibe lamulo limodzi. Wodzimbidwa amapindula ndi mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nkhwani, therere, papaya ndi nyemba, kuwonjezera pang'onopang'ono pa masabata angapo kuti mimba isafufume, ndipo madzi azitsagana nazo. Koma wa Crohn's amene thumbo lake linaphinjika penapake, makoko a nyemba, chimanga chokazinga, mtedza ndi ulusi wa mango zingatseke njira, ndiye ameneyu atsate za a kadyedwe a kuchipatala. Khofi, zakumwa zopatsa mphamvu zimene alonda amadalira usiku, mowa, tsabola, atchar ndi magwinya a mafuta zimafulumizitsa matumbo. Chotsani chimodzi kwa masabata awiri muone kusintha, osati zonse pakamodzi mpaka kusowa chakudya.

Kuntchito, kuchita manyazi kupempha chimbudzi kwa abwana n'kumagwira mpaka madzulo kumaumitsa chimbudzi ndipo kumagonthetsa thumbo, moti limaleka kukuuzani nthawi. Kupita kukakodza theka la ola lililonse poopa ngozi nakonso kumazoloweretsa chikhodzodzo kusunga pang'ono. Mpata wa maola 3 kapena 4 masana ndi wabwino. Paulendo wa basi wopita kumudzi pemphani mpando wa m'mphepete mwa kanjira, idyani zimene mimba yanu ikuzidziwa, musadzimane madzi kotheratu, ndipo mankhwala ndi kalata ya dokotala zikhale m'chikwama cha m'manja limodzi ndi pepala, botolo la madzi ndi zovala zosinthira. Pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, poti mzere umakhala wautali, zungulizani chiuno ndi kupuma mozama muli chiimire pomwepo.

Gulani kope laling'ono muzilembamo tsiku lililonse nthawi imene mwapita kuchimbudzi, nambala ya pa tchati cha Bristol, ngozi ngati inachitika, zimene munadya ndi mphindi zimene mwavina. Masabata 12 akatha popanda kusintha, kapena ululu ukakula, tengani kopelo kwa a mafizo kapena adokotala ndipo mufunse za anorectal manometry, kuyeza mphamvu ya mphete zija ndi kachubu kakang'ono, ndi za biofeedback, imene kachipangizo kamakuonetsani pa kompyuta nthawi imene mnofu wagwira ndi imene wamasuka. Kwa amene amafinya pamene akuyesa kuti akumasula, biofeedback imathandiza kuposa mankhwala ofewetsa chimbudzi okha.